Sabata Yoyankha Alendo a Malipenga

Lolemba

Ndabwerako ku Boma, kuchipatala cha Dowa. Nkhani ndi bondo lakumanzere. A dokotala alipinda, aliwongola, aligogoda ngati munthu wosankha chivwende pamsika. Akuti, "Agogo, mafuta a m'bondomu atha. Chaka chino muyenda nokha, chaka chamawa ndi ndodo." Andipatsa timapiritsi toyera. Ndathokoza. Munthu amathokoza ngakhale wobweretsa uthenga wa maliro.

Potuluka, pamtengo wa pageti pali chipepala chachikulu. Masiku ano mtengo uliwonse uli ndi chipepala, nkhope za ofuna mavoti sizinachoke mpaka lero. Koma ichi n'china. Pali anthu asanu ndi awiri, atatu agwira malipenga. Achitsulo! Ndaima, ndikuwerenga pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira kusukulu ya kwacha, chala pansi pa chilembo. Loweruka. Pabwalo la mpira. 2 koloko masana. Kulowa ulere. Gulu loimba lochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Nyimbo zawo akuti fanki ndi asidi jazi. Jazi ndinamumvapo pawailesi. Enawo sindiwadziwa, ndipo mlonda wa pageti sawadziwanso.

Ndamufunsa mlondayo kuti nanga alendowa awayankha ndani. Akuti, "Kuwayankha bwanji, madala? Afunsa chiyani?"

Palibe wowayankha!

Ndilembe bwinobwino, ndisathamange. Ine ndine kaputeni wa mganda wa mudzi uno. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikutsogolera mzere. Mwambo wake ndi uwu, ndipo sindinaupange ndine. Alendo akabwera ndi gule wawo, bwalo ndi lawo. Eni dziko timaima m'mbali, manja kumbuyo, sitiponda m'bwalo ngakhale phazi liyabwe motani. Akamaliza, kaputeni wawo amabwera, amaima pamaso pa kaputeni wathu, n'kumenya sawasha ngati msilikali. Ndiye kuti wapereka bwalo. Apo ife timalowa n'kuyankha. Tikatha timawadyetsa. Mlendo wovina osayankhidwa amakanena kwawo kuti kumene ndinapita kulibe amuna.

Gulu lathu linavina komaliza chisanafike chilala chija. Kuchokera apo zii.

Bondo akuti latsala ndi chaka chimodzi. Chabwino. Loweruka ndivina komaliza, kutsogolo kwa mzere, pamaso pa malipenga achitsulo. Kenako ndodo ibwere.

Zofunika:
amuna khumi ndi awiri
mabadza, malipenga athu a zikho, aliyense lake
ng'oma yaikulu, ndi a Yobe oimenya
zovala zoyera
ngolo yonyamula zonsezi
thobwa
tambala mmodzi wa alendo

A Nabanda, mayi akunyumba kuno, amva zonse uku akutongola chimanga. Sanakweze mutu. Akuti, "Mapiritsi aja mwamwa?"

Lachiwiri

Ndikuyendera amuna anga khomo ndi khomo.

Pa khumi ndi awiri aja:
asanu ali kumanda, Mulungu awasunge
mmodzi ali kuesiteti ya fodya ku Kasungu, sanalembepo kalata
mmodzi maso anachita khungu
a Zakeyu analowa mpingo watsopano wopempherera m'kalasi

A Zakeyu akuti badza ndi lipenga la Satana. Ndawakumbutsa kuti iwo ndiwo ankaliza bwino kuposa tonsefe. Akuti, "N'chifukwa chaketu ndinalapa."

Tatsala anayi. Ine, a Yobe, a Lufeyo ndi a Pitala.

A Lufeyo ndi a Pitala ndi munthu ndi mlamu wake. Chivotereni sapatsana moni. Wina anavotera chipani chakale, wina chatsopano, ndipo khola la nkhumba limene anamanga limodzi analigawa pakati ndi mpanda. Nkhumba sizidziwa kanthu, zimanunkhizana pamipata.

A Lufeyo akuti, "Ndivina, koma Pitala asaime kumbuyo kwanga. Sindimukhulupirira."

A Pitala akuti, "Ndivina, koma Lufeyo asaime kutsogolo kwanga. Zotsogoleredwa ndi anthu amenewo ndatopa nazo."

Ndakhala pachulu, ndaganiza. Aima mogundana mapewa. Wina sali kutsogolo, wina sali kumbuyo. Nzeru zimenezi kuboma kulibe!

A Yobe avomera ndisanamalize kulankhula. Makutu awo anatha kalekale, tsono sindikudziwa chimene avomera. Ndachita kuwasonyeza ndi manja, ng'oma, Boma, Loweruka. Aseka, mano awiri aja poyera. Anditengera kukhitchini kwawo.

Ng'oma ilipo. Chikopa cha mbali imodzi anadya makoswe. Kumene anaboolako nkhuku inalowera, ikufungatira mazira asanu ndi anayi. Akazi a a Yobe akuti, "Mukaisuntha nkhukuyo, anapiye mudzaswa ndinu." Tagwirizana kuti mazira asamukire m'dengu usiku nkhuku ili m'tulo. Ng'oma ilira mbali imodzi. Nafenso tatsala mbali imodzi, zikugwirizana.

Amuna anayi si mzere. Koma mlendo sadziwa kuti tinali angati.

Bondo lero lili chete. Lamva kuti pali ntchito.

Lachitatu

Mabadza!

Ndinawapachika kudenga la khitchini ndi manja angawa, onse khumi ndi awiri, zikho zazitali zosankhidwa bwino, zoboola kumlomo. Lero ndakwera pamtondo, ndatsitsa chingwe.

asanu ndi awiri ndi ufa wokhawokha, anafumbwa
atatu palibe
awiri ali bwino

Atatuwo ndawapeza. Limodzi likutungira madzi mumtsuko. Lina muli mchere. Lachitatu, langa lenileni, limene ndinavina nalo ku Ntchisi tsiku limene amayi anatiponyera mipango, lili kubafa. A Nabanda akuti, "Zinthu zongolendewera zaka zonsezi, ndimati zatha ntchito. Inunso mukanalendewera ndikanakupezerani chochita."

Ndatola badza langa, ndatuluka. Ndine mkamwini pamudzi pano, zaka makumi anayi.

Badza sililira lokha. Pakabowo ka m'mbali pamafunika kachikopa koyera kaja kamene kangaude amabisamo mazira pakhoma. Ukamata kameneko, ukaimbira m'kati, mawu amatuluka onjenjemera ngati a lipenga. M'nyumba muno kangaude mulibe. A Nabanda anazira ndi kusesa mpaka kudenga sabata yatha, poti kunabwera amayi a kutchalitchi. Ndayenda nyumba zinayi za anansi, ndikusuzumira kuseri kwa zitseko. Panyumba yachinayi mayi wa pamenepo waitana ana ake onse n'kuwalowetsa m'nyumba. Madzulo ano mudzi wonse ukudziwa kuti ndikufuna kangaude wa mankhwala.

Ndamata kapepala ka pulasitiki ka shuga. Ndayesa. Mbuzi ya chimfine.

Masana.

Kuyeserera koyamba, kuseri kwa dimba. Onse anayi tafika! A Lufeyo ndi a Pitala aima mogundana mapewa, aliyense akuyang'ana phiri lake. A Yobe amenya ng'oma kamodzi, gu! Tsitsi langa laima. Ndinali nditaiwala.

Tsono nyimbo. Apa ndiye pagona nkhani. Nyimbo zathu zonse za zaka zija n'zotamanda boma lakale, poti tinkavina pamisonkhano. Ndayambitsa imodzi mosaganiza. A Pitala aitenga ndi mawu onse, chifuwa patsogolo. A Lufeyo ataya badza pansi. Akuti, "Imeneyo tinaikwirira ndi voti." Ndayambitsa ina. Yomweyonso. A Lufeyo ayambitsa yawo yatsopano ya pamsonkhano, a Pitala akhala pansi n'kuvula nsapato.

Yatsala imodzi yokha yopanda chipani, ya makolo, yonena za mkamwini amene anakazinga mtedza wa mbewu. Aliyense akuti ikunena mnzake.

Tabalalika tisanaponye phazi ngakhale limodzi. A Yobe okha apitiriza kumenya, sanaone kuti tachoka.

Lachinayi

Zovala zili m'sutikesi, pansi pa bedi. Malaya oyera, kabudula woyera, masokosi ofika m'maondo, tayi wakuda. Njenjete zadya kumsana kokha, kumene alendo saona ngati munthu sutembenuka. Koma mganda umatembenuka.

Kabudula akugwa. Kale ndinkachita kukoka mpweya kuti ndimange batani. Lero mungalowe ine ndi a Yobe. Ndamanga ndi luzi m'kati. A Nabanda aona miyendo yanga, aseka mpaka kukhala pansi. Akuti, "Timiyendo ta kakowa!" Kenako atenga malaya aja, asoka kumsana, awasita ndi simbi ya makala. Mzere wa pamkono wachita kuthwa ngati mpeni. Amayiwa sindiwamvetsa mpaka lero.

A Pitala atumiza mawu kudzera kwa akazi awo. Sabwera. Akuti kumene nyimbo za ulemu zikuletsedwa iwo sapondako.

Ngolo ndi ya a Pitala. Ng'ombe zakenso.

Ndapita kwa a Lufeyo, mtima uli m'malo, kuti tsopano mdani wachoka, avina momasuka. Ndawapeza akusema mpini. Akuti, "Ngati Pitala kulibe, ndikavinire ndani? Ine ndimafuna aone kuti ndikumuposa."

Ndawauza za alendo. Ndawauza za manyazi a dziko. Ndawauza za bondo langa, zimene sindinauze mwamuna wina aliyense. Aika mpini wawo pansi. Akuti, "Pepani akaputeni. Mukavine bwino."

Tatsala awiri. Wogontha ndi wodzapunduka chaka chamawa.

Pobwerera ndakumana ndi aphunzitsi a pasukulu yathu ali panjinga. Amva kale. Akuti, "Agogo, zimenezi si za mganda ayi. Amenewa amangoimba, anthu n'kumavina mmene afunira, basi." Ndawathokoza. Ndi mwana wabwino, koma anakulira m'tauni. Gule wopanda mwambo aliko kodi? Ngakhale achule padambo amapatsana mpata.

Lachisanu

Thobwa lapsa. Sindinapemphe kawiri. A Nabanda adzaza chigubu chachikulu, akuti, "Alendo alibe mlandu." Akuti apita nawo. Ndafunsa chifukwa. Akuti, "Wokutolani mukagwa ndani?"

Tambala wagwidwa, wofiira uja. Wamangidwa miyendo, ali pakhonde, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Ngolo palibe, tsono ng'oma ikwera njinga ya a Yobe. Njingayo ilibe tcheni, koma yokankha siifuna tcheni.

Masana tayeserera awiri kuseri kwa nkhokwe. A Yobe amenya. Ine ndaima, badza kudzanja lamanzere, ndodo ya ukaputeni kumanja. Phazi lamanja, lamanzere, kugwa pang'ono, kutembenuka. Latheka! Kachiwiri. Latheka! Bondo lalira kamodzi ngati chitseko, koma landinyamula. Fumbi ladzuka pansi pa mapazi anga, fumbi langa. Nkhuku zathawa.

Kachitatu ndaleka dala. M'bondomu mwatsala gule mmodzi, ndikumumva. Sindimutaya kuseri kwa nkhokwe, owonerera ali nkhuku.

Ndakhala pamwala, ndaganiza zosapita. Anthu awiri pamaso pa Dowa yense! Akatiseka? A Yobe akhala pambali panga, akupukuta ng'oma ndi malaya awo. Alankhula mokuwa monga amachitira ogontha. Akuti, "Mawa tikawaonetsa!" Sadziwa kuti a Lufeyo ndi a Pitala atuluka. Ndinawauza dzulo, anagwedeza mutu, anaseka.

Tipita.

Mawa:
kunyamuka dzuwa lisanatuluke
piritsi limodzi pochoka, lina pofika
kuvala zoyera pafupi ndi Boma, osati kuno, fumbi
osaponda m'bwalo alendo asanapereke

Loweruka

Tabwerako. Ndilemba zonse, mwadongosolo, zisanasanduke nkhani za anthu ena.

Tafika dzuwa lili pamutu. Ndavalira kuseri kwa chigayo. Bwalo ladzaza kale: ana asukulu, apolisi, amayi a mandasi ndi nzimbe, anyamata m'mitengo ngati mileme. Lole yaikulu aitsegula m'mbali, ndiyo nsanja. Uku ndi uku mabokosi akuda, aatali ngati nkhokwe. Kumbuyo injini ya magetsi ikuguguda.

Taima m'mbali, kutsogolo, pafupi ndi golo. Ine manja kumbuyo. A Yobe ndi ng'oma. A Nabanda akhalira chigubu, tambala pamiyendo.

Alendo akwera. Azungu anayi, akuda atatu, koma akudawo Chichewa sachidziwa. Mmodzi tsitsi lafika m'mapewa, zaka zapitazo akanamumeta asanatuluke pabwalo la ndege. Pali mayi wovala thalauza, wanyamula lipenga lopindika ngati khosi la tsekwe. Yunifolomu alibe. Mzere alibe. Ndafunafuna kaputeni wawo, palibe wa ndodo, palibe wa wezulo. Mtima wanga wati, awa tiwaposa.

Kenako ayamba.

Layamba ndi gitala lalikulu la nsambo zonenepa. Limenelo silimvekera m'makutu. Limvekera pansi pa mchombo. A Yobe, amene sanamve kulira kwa tambala zaka khumi, atembenuka n'kundiyang'ana, maso ali tong'o, dzanja pamimba.

Wa ng'oma ndi munthu mmodzi. Ng'oma zisanu, mbale zachitsulo zitatu, manja akumenya, mapazi akumenyanso, ntchito ya mudzi wathunthu. Ndipo amachedwa dala! Pang'ono pokha, ngati munthu woyeza ngalande asanadumphe, ukati wagwa, uyo watera tsidya. Kagitala kena kakungopalasa ngati nkhuku padzala. Limba lili ngati la kutchalitchi, koma limene ladzera kumowa. Nyimbo yopanda mawu, yosapita kulikonse, ikungozungulira pamodzimodzi ngati ng'ombe yopuntha, koma ulendo uliwonse ikubwera itanenepako.

Tsono malipenga. Onse atatu pamodzi, pa! pa-pa! Kenako chete. Asiya dzenje. Gitala lalikulu lokha likuyenda pansi. Pa! pa-pa! Dzenje linanso.

Ndawerenga ndi chala chakuphazi m'kati mwa nsapato. Kamodzi. Kawiri. Mayo ine! Dzenje limenelo ndi pamene phazi la mganda limagwera. Ndendende! Anthu awa achoka kutsidya kwa nyanja zamchere ndi nyimbo yoboola malo a phazi langa. Bondo silikupweteka. Sindikulimva n'komwe.

Kaputeni ndamupeza. Ndi mayi wa thalauza uja. Akakweza chigongono onse amaima.

Nyimbo yachitatu ili pakati, mayiyo wandiona. Zoyera zija, tayi, masokosi. Waloza, walankhula pachimkuzamawu. Mnyamata womasulira akuti, "Akuti agogo ovala zoyerawo abwere kuno adzavine!" Bwalo lonse latembenuka. "Apite! Apite!"

Ndagwedeza mutu mwaulemu. Ndaima pomwepo. Alendo sanamalize.

Kachiwiri. Wa tsitsi lalitali uja watsika pa lole, lipenga lili kukamwa, akuliza, anthu akumupatukira. Wafika pamaso panga penipeni. Ndikuona nkhope yanga m'chitsulo chake. Akubwerera chambuyo, akundikodola ndi mutu. Ndayang'ana dzanja lake ngati limenya sawasha. Ayi. Ndamuuza bwinobwino kuti, "Malizani kaye, bambo. Bwalo ndi lanu." Wamwetulira. Sanamve kanthu.

Apo n'kuti a Yobe atayamba kale kugogoda ng'oma ndi zala, osadziwa. Mlendoyo wamva, watembenuka. Anyamata awiri anyamula ng'oma, ena anyamula a Yobe, uyo ali pa lole! Ndakuwa kuti, "A Yobe, mwambo!" Kukuwira wogontha pakati pa mabokosi aja.

Amenya. Gu! Gu-gu! Ng'oma yathu ya mbali imodzi, yonunkha nkhuku, aiikira chimkuzamawu chakechake. Wa ng'oma zisanu uja waseka, wawasiyira mpata, akuyankhana. Bwalo lapenga. Fumbi lakwera mpaka dzuwa lafiira.

Kachitatu. A Yobe andiona ali pamwambapo. Akundikodola ndi chomenyera ng'oma. Mayi uja nayenso watambasula dzanja. Malipenga, pa! pa-pa! Dzenje. Dzenje. Dzenje.

A Nabanda akuti, "Pitani, inu!"

Ndati mwambo.

Akuti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Gwirani tambalayu." Andipatsira m'manja, amanga chitenje, alowa m'fumbi muja pamodzi ndi amayi a mandasi. Mkazi wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri! Chiuno chija ndinachiona komaliza tisanamange nyumba ya njerwa.

Ine ndaima. Kaputeni, zoyera, tayi, tambala m'khwapa.

Nyimbo zina zitatu. Ndikuwerenga maenje onse, palibe limene landiphonya.

Amaliza. Onse asanu ndi awiri agwirana manja, a Yobe pakati, awerama. Ndati tsopano. Ndawongola tayi, ndayang'ana woti andigwirire tambala, ndaponya phazi limodzi kutsogolo kuti mayi uja akatsika andipeze wokonzeka.

Injini yazima.

Anthu akubalalika. Anyamata akukulunga nthambo. Kumbali uku a mpira afika kale, akumanga ukonde pagolo, wina akuti, "Agogo, tasunthani pang'ono."

Ndapita kwa womasulira uja. Ndati eni dziko sitinayankhe. Akuti, "Madala, pulogalamu yatha. Akuyenera kukafika ku Lilongwe kusanade. Anakuitananitu katatu."

Thobwa amwa, chikho chimodzi onse asanu ndi awiri, mayi uja wanyambita milomo. Tambala akana, akuti m'ndege salola. Mmodzi wandijambula chithunzi. Tsono kutsidya kwa nyanja kukafika chithunzi cha mganda wa kuno: nkhalamba itaima njo, itanyamula nkhuku.

Pobwerera, pachitunda chachiwiri, bondo lakhala pansi. Osati pang'onopang'ono ayi, kamodzi. Ndakwera pakaliyala wa njinga, a Yobe akukankha, ng'oma ili pamutu pa a Nabanda. Njira yonse a Yobe akuimba mokuwa, gu, gu-gu. Palibe wandinena. Bola akanandinena.

Lamulungu

Bondo lili ngati dzungu. Kutchalitchi sindinapite. Ndili pakhonde, mwendo pampando.

Tambala wa alendo tadya tokha. Wolimba.

Ochokera kutchalitchi akudutsa pano, onse nkhani ndi a Yobe. Akuti azungu anawagwadira. Akuti awatenga kunja. Pofika madzulo adzakhala ataliza ndi malipenga omwe. Mayi wina wandifunsa kuti, "Nanga inu dzulo simunapite?"

Ndilembe zoona, poti bukuli saliwerenga wina. Koyamba unali mwambo. Kachiwiri unali mwambo. Kachitatu sunali mwambo ayi. Ndinaona makwerero a lole ija, anayi, achitsulo, ndinaona Dowa yense akuyang'ana, ndinati bondo likandigwetsa pamenepa adzazinena mpaka pamaliro anga. Ndinabisala kuseri kwa mwambo ngati mwana kuseri kwa chitenje cha amake. Gule mmodzi amene anatsala m'bondomu ndamuthera poimirira.

A Nabanda akudziwa. Andithowa ndi madzi otentha. Chiuno chawo nawonso chikupweteka, koma akuyenda akumwetulira okha.

Masana.

Kwabwera a Lufeyo ndi a Pitala. Limodzi! Mbali imodzi ya njira! Kumbuyo kwawo a Yobe, avala jekete. Akuti mbiri ya mudzi yakwera, ku Boma anthu akufunsa kuti ng'oma ija ndi ya kuti. Akuti anyamata asanu ndi atatu akufuna kuphunzira. A Pitala apereka chikopa cha mbuzi cha mbali inayo ya ng'oma, a Lufeyo akudziwa kumene kuli zikho. Za nyimbo akuti apeka zatsopano, zopanda chipani. Ayamba Lachitatu.

Ndati ndi nkhani yabwino. Ndi yabwinodi.

A Pitala ayang'ana bondo langa, ayang'ana a Lufeyo. A Lufeyo akuti, "Inu akaputeni musadzavutike. Mudzangokhala pampando, muzidzatiuza tikalakwitsa."

A Yobe sanamve zonsezi. Andigwira phewa, akuwa kuti, "Ndinakukodolanitu dzulo!"

Ndati ndinaona.

A Lufeyo akuti mpandowo ndi wotsamira. Ndawauza adzauike pamthunzi.